Kadzidzi, nyanga ndi nyale: momwe ntchito yojambula makobidi a Agiriki ikuyendera

Sabata yoyamba

Ntchito yake ndi kujambula makobidi akale a Agiriki omwe ali m'kabati yophunzitsira, lililonse kumaso ndi kumbuyo, kuti woona chithunzi athe kuwerenga zomwe mzinda kapena mfumu inkanena pa chitsulocho. Uthenga wa ndale pa makobidiwa sukhala pa zinthu zikuluzikulu ayi. Umabisala pa tsamba lili pa chisoti, pa nyanga yopindikira kuseri kwa khutu, pa kachilembo kamodzi kunsi kwa mimba ya hatchi. Nyale ikaima polakwika tinthuti timazimirira, chithunzi n'kukongola koma chili chabodza. Choncho lamulo lomwe tagwirizana ndi lakuti tisanayatse nyale tizidziwa kaye chomwe tikusaka pa khobidilo.

Zida zili motere. Kamera ya full frame ya mamegapikiselo 24, lenzi ya macro ya 100 mm yofika 1:1 (chinthu chimagwa pa sensa pa kukula kwake kwenikweni), ndi choimikira cholimba choyang'anitsa kamera pansi. Nyale ndi za LED ziwiri za 5000 K, iliyonse ili ndi pepala la tracing kutsogolo kwake lofewetsa kuwala. Khobidi silikhala pa nsalu. Limakhala pa kamtengo ka pulasitiki wakuda kotalika masentimita 5, kochepa kuposa khobidilo, ndipo nsalu yakuda ya veleveti ili pansi patali. Mwa njira iyi ulusi wa nsalu suoneka, kumbuyo kumangoti bii, ndipo m'mphepete mwa khobidi mumaoneka bwino popanda kudula pa kompyuta.

Kuti kamera iyang'ane chindunji timaika kalilole pamwamba pa kamtengoko. Lenzi ikadziona yokha pakati penipeni pa chithunzi, ndiye kuti zili bwino. Tikalumpha zimenezi khobidi lozungulira limatuluka ngati dzira, ndipo mbali imodzi imachoka mu focus.

Masamu a focus ndi omwe alamula zambiri. Khobidi la mamilimita 25 kuti likwane pa sensa yotalika mamilimita 24 m'lifupi mwake, tikujambula pa kukula kwa 0.8. Pamenepo milimita imodzi imatenga mapikiselo pafupifupi 133. Pa f/8, muyeso wa kutseguka kwa lenzi, kuya kwa malo omwe ali mu focus kumangopitirira pang'ono milimita imodzi, ndipo ukakuza chithunzi pa sikirini umaona kuti odalirika ndi theka lake. Kutseka lenzi mpaka f/16 sikuthandiza, chifukwa pa kukula kumeneku imagwira ngati f/29 ndipo tizilembo timayamba kuchita mbuu. Tatsala pa f/8, ISO 100, RAW, ndipo tikugwiritsa ntchito focus stacking: zithunzi zingapo, chilichonse kusuntha theka la milimita, kenako kuziphatikiza.

Tinayesa zida ndi khobidi la tambala imodzi la 1971, lija la mutu wa Kamuzu Banda uku, tambala uku. Aliyense wokulira ku Malawi amadziwa kuti tambalayo sinali nkhuku wamba, ndipo ndi maso omwewo ofunika poona makobidi a Agiriki. Koma monga choyesera nyale khobidili linatinamiza. Ndi lafulati, lodindidwa ndi makina, moti nyale iliyonse imalikomera. Makobidi a Agiriki ndi onenepa, osulidwa ndi nyundo, ndipo zomwe tinakonza pa tambalayo zinagwa tsiku lomwelo titaikapo khobidi la Athens.

Za kagwiridwe: m'mphepete mokha, ndi magolovesi a nitrile, pamwamba pa thireyi yoyalidwa chofewa. Siliva wakale amatha kuuma mkati n'kusweka ngati phale akagwa. Fumbi timachotsa ndi kampira kopopera mpweya basi. Palibe kupukuta, palibe kutsuka, ndipo labala ndi ubweya siziyandikira siliva chifukwa zimamudetsa.

Sabata yachiwiri: Athens

Sabata yonse yathera pa ma tetradrachm a Athens, makobidi a siliva olemera magalamu pafupifupi 17.2, ofanana ndi ma drachma anayi. Kumaso kuli mutu wa mulungu wamkazi Athena atavala chisoti, akuyang'ana kumanja. Kumbuyo kuli kadzidzi, kanthambi ka azitona, kamwezi, ndi zilembo zitatu ΑΘΕ, chidule cha mawu akuti "cha anthu a ku Athens". Kwathu kadzidzi akalira padenga anthu amagona ndi mantha a maliro. Ku Athens inali mbalame ya mulungu woteteza mzinda, ndipo makobidiwo ankangotchedwa akadzidzi.

Vuto loyamba ndi komwe nyale ichokere. Mwambo wa ojambula ambiri ndi kuika nyale kumtunda chakumanzere, pa 10 kapena 11 koloko. Pa mutu woyang'ana kumanja, kutero kumawalitsa nkhongo, nkhope n'kulowa mumthunzi. Tasamutsira nyale yaikulu pa 1 koloko, yokwera madigiri 50 kuchokera pa tebulo, ndi kakhadi koyera pa 7 koloko kobweza kuwala pang'ono. Tsaya la Athena ndi pamwamba penipeni pa khobidi, ndipo ndi pomwe pamayera mbee msanga. Timayeza kuwala pa tsayapo, kwina konse kutsatire. Kuchokera pa tsaya kufika pansi pa khobidi pakufunika zithunzi pakati pa 6 ndi 10.

Chomwe tikusaka ndi masamba atatu a azitona oimirira kutsogolo kwa chisoti, ndi kamwezi kali pafupi ndi msana wa kadzidzi. Akadzidzi oyambirira, a cha m'ma 510 BC, alibe zimenezi. Zinawonjezeredwa nkhondo ndi Persia itatha, pambuyo pa kupambana kwa pa Salamis mu 480 BC, ndipo akatswiri ambiri amaziona ngati chizindikiro cha kupambanako. Masambawo amakhala pafupi ndi m'mphepete, ndipo poti chidindo chinali chachikulu kuposa mpira wa siliva womwe ankamenya, nthawi zambiri mbali ina ya chisoti imatsala kunja. Pa makobidi operepeseka masamba amaoneka ndi nyale yotsika pa madigiri 20 yokha, yodutsa mopingasa. Choncho khobidi lililonse likulandira chithunzi chachikulu chimodzi chofanana ndi anzake, ndi china chapadera cha chisoti.

Pali chinthu china chomwe chithunzi chabwino chimaonetsa, ndipo n'chandale ndithu. Nkhope ya Athena yatembenukira cham'mbali, koma diso lake lajambulidwa ngati likukuyang'ana, looneka ngati njere ya dzungu, ndipo pakamwa pali kamwemwetero kachikale. M'zaka zomwe amisiri ankasema miyala ya kachisi wa Parthenon mwaluso longa munthu wamoyo, osula ndalama anapitiriza ndi nkhope yakaleyi osaisintha. Sikunali kulephera. Wamalonda wa ku Egypt kapena ku Phoenicia ankakhulupirira kadzidzi chifukwa anali yemweyo chaka ndi chaka. Diso loona cham'mbali linabwera m'zaka za m'ma 300 BC, ndipo ndi poyambira posiyanitsa magulu awiriwa. Nyale ikachokera kumbuyo kwa mutu chikope chimaponya mthunzi m'diso, kusiyanako n'kusokonekera.

Kuti munthu amvetse kuchuluka kwa akadzidzi ayenera kuona komwe ankapita. Siliva ankachokera ku migodi ya Laurion, kum'mwera kwa Attica, dera lomwe kuli Athens, komwe ankakumba ndi akapolo. Mu 483 BC atapeza mtsempha wolemera, mtsogoleri wa ku Athens Themistocles anakopa anthu kuti asagawane ma drachma khumi aliyense koma akhome zombo zankhondo. Chombo chimodzi chinkanyamula amuna pafupifupi 200. Pa malipiro a drachma imodzi patsiku, mwezi umodzi unkadya ma drachma 6,000, omwe ndi akadzidzi 1,500, pa chombo chimodzi chokha. Mu 454 BC thumba la mgwirizano wa mizinda womwe Athens inkatsogolera linasamutsidwa kuchoka ku Delos kupita ku Athens, ndipo pambuyo pake panatuluka lamulo lokakamiza mizindayo kugwiritsa ntchito ndalama, miyeso ndi masikelo a Athens. Zidutswa za miyala yolembedwa lamuloli zinapezeka m'malo monga Cos, Siphnos ndi Syme.

Akadzidzi angapo m'kabatiyi ali ndi mabala a tchizulo, ena odutsa pamutu pa mbalameyo. Mabalawa sitibisa. Anatemedwa kale ndi anthu ofuna kuona ngati mkati muli siliva kapena mkuwa wokutidwa. Athens yomwe inasula makobidi okutidwa cha mu 406 BC, nkhondo ndi Sparta itaisaukitsa. Lamulo la Nikophon la 375/4 BC linaika kapolo wa boma pa msika wa Agora kuti aziyeza ndalama. Kadzidzi wosulidwa kunja koma wa siliva wabwino ankabwezedwa kwa mwini wake, wokutidwa ankadulidwa n'kulandidwa. Pojambula bala timaika kanyale kakang'ono motsatira utali wake, kuti kuwala kufike pansi pa balalo. Kukadutsa mopingasa mkati mumangoda ndipo mtundu wa chitsulo suoneka. Khadi la imvi lijambulidwe pansi pa kanyale komweko, apo ayi siliva wothimbirira amaoneka wofiirira ngati mkuwa, n'kunamizira khobidi labwinobwino.

Sabata yachitatu: Aegina ndi Corinth

Makobidi a Aegina ndi ang'ono m'mimba mwake, pafupifupi mamilimita 20, koma onenepa, olemera magalamu oposa 12 pang'ono. Chigoba cha kamba chimatukuka kwambiri moti khobidi likagona chafufumimba limagwedera pa kamtengo. Tadula kamphete ka siponji yolimba kuti chigoba chikhalemo, ndipo timabwereza kuyeza ngati mbali ya kumbuyo yagona mowongoka.

Kumbuyo kulibe chithunzi. Kuli dzenje la makona anayi logawidwa ndi mizere. Zithunzi zoyamba zinatuluka dzenjelo likuoneka ngati chotupa. Chifukwa chake n'chakuti titatembenuza khobidi nyale inatsala kumunsi kwa chithunzi, ndipo ubongo wa munthu umangoganiza kuti kuwala kumachokera kumwamba. Kuwala kukachokera kumunsi, chokumbika chimaoneka chotukuka, chotukuka chokumbika. Zonse tajambulanso. Lamulo tsopano: pa chithunzi chomalizidwa nyale yaikulu izikhala pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, ndipo chithunzi sichizunguliridwa pa kompyuta kupitirira madigiri ochepa. Chofunika kuzungulira ndi khobidi, pa kamtengo pomwepo.

Za ndale apa zili pa miyendo ndi pa chigoba. Makobidi akale ali ndi kamba wa m'nyanja, wa zipsepse ndi chigoba chosalala chokhala ndi mzere wa timadontho pamsana. Otsatira ali ndi fulu wa pamtunda, wa miyendo ndi chigoba cha magawomagawo. Aegina inali chilumba cha amalonda ndi zombo, mdani wapakhomo wa Athens. Cha mu 457 BC inagonjetsedwa, zombo zake zinalandidwa, n'kuikidwa pa msonkho wa matalente 30 pachaka, ndipo mu 431 BC eni chilumba anathamangitsidwa. N'zokopa kunena kuti kamba anatuluka m'madzi chifukwa mzinda unataya nyanja, ndipo ambiri amatero. Palibe mawu a anthu a ku Aegina eni ake onena zimenezo, choncho m'mawu apansi pa chithunzi tikulemba nyama yomwe ikuoneka ndi zaka zake, kumasulirako padera. Pamsana pa akamba ambiri pali tizidindo ting'onoting'ono tomwe osintha ndalama anakhomapo. Timajambula tokha pa 1:1.

A Corinth sanavute. Ndi opyapyala, magalamu pafupifupi 8.6, hatchi yamapiko Pegasus uku, Athena uku, ndipo zithunzi zinayi zimakwanira. Koma chithunzichi sichinali cha Corinth yokha. Mizinda yomwe inakhazikitsidwa ndi anthu ake, monga Leucas, Ambracia ndi Anactorium, inkasula hatchi yomweyo pa kulemera komweko, ndipo Syracuse inachitanso chimodzimodzi kazembe Timoleon atachoka ku Corinth mu 344 BC kukachotsa olamulira ankhanza kumeneko. Chosiyanitsa ndi kachilembo kunsi kwa hatchi: Ϙ ya Corinth, Λ ya Leucas. Kachilemboka sikaposa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo mthunzi wa mimba ya hatchi umakaphimba nyale ikatsika. Pa gulu ili nyale yakwera kufika madigiri 65.

Sabata yachinayi: Alexander

Ma tetradrachm a dzina la Alexander Wamkulu, mfumu ya Macedonia, ndi ambiri m'kabatiyi kuposa ena onse, ndipo kuwayang'ana mwachangu onse ndi amodzi. Kumaso kuli mutu wa mnyamata wovala chikopa cha mkango, kumbuyo mulungu Zeus atakhala pa mpando wachifumu, chiwombankhanga padzanja lamanja, ndodo kumanzere, ndi dzina ΑΛΕΞΑΝΔΡΟΥ lotsika cham'mbali. Mutuwo tikuulemba kuti ndi wa ngwazi ya m'nthano Herakles, osati Alexander. Banja lachifumu la Macedonia linkati linachokera kwa Herakles, ndipo mafumu am'mbuyo anali atamuika kale pa makobidi awo. Zoti anthu pambuyo pake ankaonamo nkhope ya Alexander ndi nkhani ina. Zeus wokhala pansiyo amafanana kwambiri ndi Baal wa ku Tarsus yemwe anali pa makobidi a bwanamkubwa wa Persia, Mazaeus. Msilikali wachigiriki ankaona Zeus, munthu wa ku Cilicia n'kuona mulungu wa kwawo. Kulemera kwake ndi kwa kadzidzi wa Athens, ndipo kumeneko kunali kulowa m'malo mwa ndalama yomwe misika inkaidziwa kale.

Alexander anamwalira ku Babylon mu 323 BC, koma makobidi a dzina lake anapitirira kusulidwa kwa zaka zoposa 200, ndi mafumu komanso mizinda yoima payokha. Kuti tidziwe losulidwa liti ndi kuti, timaona miyendo ya Zeus, kachizindikiro kali kutsogolo kwa mawondo ake, ndi zilembo zolukana kunsi kwa mpando. Pa makobidi ambiri a nthawi ya moyo wake miyendo imakhala yogundizana, pa ambiri a pambuyo pake mwendo umodzi umabwerera m'mbuyo kupingasa unzake. Ndi poyambira chabe, chifukwa malo ena osulira anasintha msanga, ena mochedwa. Chogamula ndi zilembo zolukanazo, zomwe tikuyerekeza ndi manambala a kabukhu ka Martin Price ka 1991 kudzera pa PELLA, nkhokwe ya pa intaneti ya American Numismatic Society. Madeti ambiri m'menemo amatsamira pa chuma chokwiriridwa monga cha ku Demanhur ku Egypt, chomwe chinapezeka mu 1905 chili ndi makobidi masauzande angapo okwiriridwa cha mu 318 BC.

Kunsi kwa mpando ndi kopanikiza, ndipo miyendo ya mpandoyo imaponya mithunzi yooneka ngati mbali ya chilembo. Tinayamba ndi kuwala kodzera pa galasi: galasi lopyapyala la mamilimita awiri lopendekeka madigiri 45 pakati pa lenzi ndi khobidi, nyale cham'mbali, ndi khadi lakuda mbali inayo lomeza kuwala kotsala. Kuwala kumatsika motsatira lenzi, pafulati pamayera, potsetsereka pamada, zilembo n'kuoneka ngati zolembedwa ndi inki. Pa makobidi osaperepeseka kwambiri njirayi yagwira. Galasi lonenepa tinalisiya chifukwa limabweza kuwala kawiri, chilembo chilichonse n'kukhala ndi chithunzithunzi pambali pake.

Pa operepeseka tapita ku RTI, njira yojambula khobidi limodzi kambirimbiri nyale ikuchokera mbali zosiyanasiyana. Kamera ndi khobidi sizisuntha, chosuntha ndi nyale. Pambali pa khobidi timaika kampira kakuda konyezimira ka mamilimita 6, ndipo kadontho ka kuwala pa kampirako ndi komwe kamauza kompyuta komwe nyale inali. Tikujambula zithunzi 48 pa khobidi, mizere 12 kuzungulira, malo anayi pa mzere uliwonse kuyambira madigiri 15 mpaka 65, nyale ili pa mtunda wa masentimita 30 woyezedwa ndi kachingwe. Pulogalamu ya RelightLab imaziphatikiza kukhala fayilo imodzi yomwe munthu amayendetsamo nyale ndi mbewa ya kompyuta. Magulu awiri oyamba anawonongeka. Loyamba, chigongono chinakhudza tebulo ndipo khobidi linasuntha ndi mapikiselo ochepa, zokwanira kufufuta chilichonse. Lachiwiri, kampira kanali kotsika kuposa khobidi n'kuchoka mu focus. Pano kamera ikulizidwa kuchokera pa kompyuta, kampira kali pa kamtengo kakekake kofanana msinkhu ndi nkhope ya khobidi, lenzi ili pa f/11, ndipo nyale za m'chipinda zimazimitsidwa.

Sabata yachisanu: mafumu olowa m'malo

Apa ndi pomwe makobidi akuyankhula mokweza. Mizinda ya Agiriki inkaika milungu pa ndalama zake, osati anthu amoyo. Omwe anayamba kuika nkhope zawo anali abwanamkubwa a Persia ndi mafumu ang'onoang'ono a ku Lycia. Akazembe a Alexander atagawana ufumu anayenda pang'onopang'ono, kuyamba ndi nkhope ya malemuyo.

Ptolemy, yemwe anapatutsa mtembo wa Alexander mu 321 BC n'kupita nawo ku Egypt, anasula mutu wa Alexander utavala chikopa cha mutu wa njovu, chikumbutso cha nkhondo ya ku India. Lysimachus, kuyambira cha mu 297 BC, anaika Alexander wa nyanga ya nkhosa yamphongo, nyanga ya mulungu Ammon yemwe kachisi wake ku Siwa Alexander anakafikako mu 331 BC. Pa khobidi la Lysimachus nyangayo imazungulira khutu n'kulowerera m'tsitsi lopotanapotana. Ndi nyale yathu ya pa 1 koloko nkhope imatuluka bwino kwambiri, maso oyang'ana kumwamba, koma nyanga imasanduka tsitsi. Munthu wosadziwa angaone mnyamata wokongola basi, osaona kuti akumuonetsa mulungu. Nyale yachiwiri pa 10 koloko, yotsika pa madigiri 30, imadutsa mopingasa timizere ta nyangayo n'kuilekanitsa ndi tsitsi. Tikaziyatsa zonse mofanana mithunzi imaphana, khobidi n'kuoneka lafulati. Tasiya yachiwiriyo pa theka la mphamvu ya yoyamba, ndi chithunzi chapadera cha nyanga yokha.

Kumbuyo kwa khobidi lomweli kuli Athena atakhala pansi, padzanja pake pali Nike wamng'ono, mulungu wa kupambana, akuveka nkhata ya masamba. Koma sakuveka munthu. Akuveka dzina ΛΥΣΙΜΑΧΟΥ lomwe latsika kumanzere. Nkhope ndi ya Alexander, nkhata ndi ya Lysimachus. Kankhatako ndi kochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo kamafuna 1:1.

Mu 306 BC Demetrius atagonjetsa zombo za Ptolemy pa Salamis ya ku Cyprus, iye ndi bambo ake Antigonus anadzitcha mafumu, ndipo enawo anatsatira m'zaka ziwiri zotsatira. Demetrius anasula Nike ataima pa mphuno ya chombo akuliza lipenga, mbali inayo Poseidon, mulungu wa nyanja, akuponya mkondo wa mano atatu. Chizindikiro cha ufumu sichinali chisoti cha golide koma kalamba wa nsalu womangidwa kumutu, nsonga zake zikulendewera pakhosi. Pa makobidi a Ptolemy a nkhope yake yomwe, nsonga zimenezi zimakhala m'mphepete kuseri kwa khosi, malo omwe nyale yoyang'ana nkhope siwafika. Kakhadi koyera tasamutsira pa 8 koloko ndi kukayandikitsa mpaka masentimita 4. Pa ena kuseri kwa khutu kuli kachilembo Δ kosakwana milimita imodzi, komwe tajambula pa 2:1 ndi mphete zotalikitsa lenzi, kusuntha gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita pa chithunzi chilichonse.

Chinthu chachikulu pa ndale za Ptolemy kamera singachione. Iye anachepetsa kulemera kwa tetradrachm kuchoka pa magalamu 17.2 kufika cha pa 14.2, ndipo ndalama zakunja sizinkayendanso mu Egypt. Wobwera ndi siliva wolemera ankasintha pa doko n'kulandira wopepuka, kusiyanako n'kutsala ndi mfumu. Pa chithunzi makobidi awiriwa amaoneka a msinkhu umodzi. N'chifukwa chake kulemera, koyezedwa pa sikelo ya 0.01 g, kukulembedwa pansi pa chithunzi chilichonse pamodzi ndi kukula m'mamilimita. Tikulembanso momwe kumbuyo kwaimira poyerekeza ndi kumaso, m'maola a koloko, chifukwa pa chithunzi mbali zonse timaziwongola ndipo umboniwo umatayika. A ku Alexandria, likulu la Ptolemy, amakhala pa 12 koloko.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Makobidi a buronzi a banja la Ptolemy ndi akuluakulu, ena oposa mamilimita 40 ndi magalamu 60, moti kamera yakwezedwa ndipo rula yajambulidwanso pa msinkhu watsopanowo. Kadzenje kali pakati pa mbali zonse ziwiri n'kochokera kosulira, si chilema. Khungu lawo lakuda mobiriwira limameza kuwala, ndipo tawonjezera kuwala kolowa m'kamera ndi sitopu imodzi ndi theka. Awiri ali ndi timadontho ta ufa wobiriwira motuwa. Amenewo ndi matenda a buronzi, mchere wa chloride womwe umadya chitsulo ukakumana ndi chinyezi. Tawapatula m'bokosi lotseka la silica gel, chinyezi chili pansi pa 40 peresenti, ndipo tawajambula ndi polariser pa nyale ndi pa lenzi, zopingasana, kuti mtundu wa ufawo uoneke popanda kunyezimira. Pa siliva njira imeneyi sitiigwiritsa ntchito, imamusandutsa dothi.

Decadrachm (khobidi la ma drachma khumi) ya Syracuse yomwe ili m'kabatiyi si yeniyeni. Kumaso ndi kumbuyo palibe chokayikitsa: galeta la akavalo anayi, Nike akuuluka ndi nkhata, zida zankhondo kunsi ndi mawu ΑΘΛΑ, kutanthauza mphotho, ndipo mbali inayo mutu wa Arethusa pakati pa ma dolphin anayi, dzina la mmisiri Euainetos lili kunsi kwa khosi. Titaliimika cham'mbali pakati pa timatabwa tiwiri ta siponji, panaoneka msoko wozungulira m'mphepete monse, ndipo kulemera kwake sikukufika pa magalamu 43 a lenileni. Ndi electrotype, zigoba ziwiri zomatidwa pamodzi, za mtundu womwe unkapangidwa wambiri m'zaka za m'ma 1800 kuti ziphunzitsire. Likhalabe m'ndandanda, lolembedwa chomwe lili. Pa mawu ofotokoza tasiya kumasulira kwakale kolumikiza zidazo ndi kugonja kwa asilikali a Athens mu 413 BC. Makobidi a Euainetos ndi a nthawi ya Dionysius I, yemwe analamulira Syracuse kuyambira 405 BC ndipo ankalipira asilikali aganyu pa nkhondo zake ndi Carthage. Chifukwa cha khobidi limeneli, m'mphepete mwa khobidi lililonse la siliva mukujambulidwa tsopano, malo anayi kuzungulira.

Mafayilo akusungidwa a RAW, ndi TIFF ya 16-bit yomalizidwa, dzina lake nambala ya khobidi ndi chilembo cha mbali. Zokonza zololedwa ndi mtundu wa kuwala kuchokera pa khadi la imvi, kuwala konse pamodzi, ndi kuyeretsa fumbi la pa nsalu. Pa khobidi penipeni sitifufuta kanthu. Mapulogalamu a AI onoletsa zithunzi aletsedwa, chifukwa poyesa pa zilembo zolukana za Alexander anawonjezera mzere pomwe panali kandala chabe.

Zotsala: kubwereza akadzidzi atatu omwe focus stacking inasiya kamkombero kotuwa kuzungulira mphuno ya Athena, kusuntha kotala ya milimita m'malo mwa theka. Kenako makobidi a Thebes, a chishango cha Boeotia uku ndi mtsuko wa vinyo uku, pomwe tikufuna kuwerenga maina a akuluakulu a mzinda olembedwa mbali zonse za mtsukowo. Chishangocho chimatukuka ngati chigoba cha kamba wa Aegina, ndiye kamphete ka siponji kadulidwenso kokulirapo.